Chiphakasa cha agogo tinagulitsa pa sikelo, anzathu akulimbirana ndi mamiliyoni

Pali nkhani imodzi imene kwathu sitikamba pa nsima. Ukangoiyamba, amalume amasamba m'manja n'kutuluka panja ngati wina wawaitana. Nkhaniyo ndi ya galimoto ya malemu agogo anga aamuna, Peugeot 404 ya pikapu, yoyera, imene anagula kwa mmwenye wina ku Limbe atabwerako ku migodi ya ku Joni.

Kwa zaka zambiri galimoto imeneyi ndiyo inali basi, ambulasi ndiponso ngolo ya mudzi wonse kwathu ku Chiradzulu. Inanyamula kabichi ndi tomato kupita ku msika wa Limbe, inathamangira ku chipatala usiku ndi amayi oyembekezera, inanyamula akwati, inanyamulanso maliro. Agogo atatisiya inaima pansi pa mtengo wa mango, matayala anaphwa, nkhuku zinayamba kuikiramo mazira, ndipo ife ana tinkalimbirana chiwongolero uku tikuliza injini ndi pakamwa.

Mu 2019 kunafika anyamata awiri ogula zitsulo, atanyamula sikelo yawo. Amalume anati chiphakasacho chikungosunga njoka, bola chipite. Pofika madzulo chinali chitaduliridwa zidutswazidutswa. Ekiselo ya kumbuyo anagula wopanga ngolo, masipuling'i anapita kwa osula nkhwangwa ndi zikwanje, ndipo zitseko zija ndikhulupirira zinasanduka mbaula, mwina zomwezo ena a inu mukuwotchera chimanga pa depoti lero. Ndalama zonse sizinakwane matumba awiri a feteleza.

Inetu sindinadandaule tsiku limenelo. Kanyenya wa ndalamazo ndinadya nawo. Mtima unadzandipweteka patapita zaka zisanu, ndili pa galaja ina ku Ndirande.

Miss Malawi wa magalimoto

Munali mu Ogasiti 2024. Ndinapita pa galajapo kukafunsa za kukwera mitengo kwa masipeya, koma ndinapeza ntchito yaima. Anyamata onse anaunjikana pa foni ya mnzawo, masipanala ali pansi, ndipo mwini galaja, mdala wa imvi mbuu amene wakhala akukonza magalimoto kuyambira nthawi ya mabasi a UTM, anali pakati pawo atavala magalasi.

"Bwera udzaone, mwana wanga," anatero mdalayo. "Azungu akuvekera ziphakasa nkhata."

Pa kanemayo panali bwalo la kapinga wobiriwira m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo pa kapingapo pataimikidwa magalimoto akalekale, ena a matayala a waya ngati njinga, ena a nyali zazikulu ngati mabeseni. Anthu atavala masuti ndi zipewa ankawazungulira mwaulemu ngati akuona mwana wakhanda.

Kumeneko ndi ku Pebble Beach, m'boma la California ku America, ndipo chionetserocho chimatchedwa Concours d'Elegance. Ndi mawu a Chifalansa, kutanthauza mpikisano wa kukongola. Tingoti ndi Miss Malawi wa magalimoto, kungoti kuno nkhalamba ndizo zili ndi mwayi. Mwambowu unayamba ku Paris m'zaka za m'ma 1600, pamene anthu olemera ankayendayenda m'mapaki kuonetsana ngolo zawo zokokedwa ndi akavalo. Akavalo atalowedwa m'malo ndi injini, kunyadirana sikunathe ayi. Ku Italy, pa hotela ya Villa d'Este m'mphepete mwa nyanja ya Como, anayamba mpikisano wotere mu 1929. Wa ku Pebble Beach unayamba mu 1950 ndipo umachitika Lamulungu lina m'mwezi wa Ogasiti pa bwalo losewerera gofu. Magalimoto pafupifupi 200 ndiwo amaloledwa, ndipo sikungofika ndi kulowa ayi. Mwini amapempha kukadali miyezi yambiri, akuluakulu a mpikisano n'kusankha. Amene asankhidwa amalowa m'bwalo m'bandakucha, anthu atandanda kale m'mbali mwa njira kudikira, kuzizira konseko.

Oweruza ake sanyengeka ndi penti

Chimene chinamugwira mtima mdala uja si kunyezimira ayi, koma kaweruzidwe. Galimoto iliyonse imayamba ndi malikisi 100, ndipo oweruza amachotsako akapeza cholakwa. Amatsegula boneti, amasuzumira kunsi, amayang'ana nsalu za mipando, mawaya, ngakhale mabawuti. Funso lawo ndi limodzi: kodi chinthuchi chili monga chinatulukira ku fakitale? Ukaika bawuti yamakono pa galimoto ya 1930, malikisi apita. Ukapaka penti wa mtundu umene kampaniyo sinkagwiritsa ntchito chaka chimenecho, apitanso. Ngakhale kukongoletsa mopyola muyeso, kupaka siliva pamene panali chitsulo wamba, nakonso n'kulakwa.

Akatha apo amauza mwini kuti alize injini, ayatse nyali, aimbe hutala. Tangoganizani bwana amene wawononga chuma kukonzetsa galimoto kwa zaka zitatu, anthu akuyang'ana, akupotokola kiyi, injini ili zii! Thukuta lake silisiyana ndi la dalaivala wa minibasi imene yazima pa raundabauti ya Chichiri nthawi yoweruka.

Palinso ulendo wa makilomita oposa 100 umene magalimotowa amayenda masiku ochepa mpikisano usanachitike, kutsata msewu wa m'mphepete mwa nyanja. Sukakamizidwa kuyenda nawo, koma magalimoto awiri akafanana malikisi, yopambana ndi imene inayenda ulendowo. Apa mdala anagwedeza mutu.

"Amenewa ndi anthu anzeru," anatero. "Galimoto yosayenda ndi khola la nkhuku."

Ndinangoti chete. Ndinakumbukira mazira aja.

Yokalikakalika ndiyo inatenga chikho

Tsono chodabwitsa cha 2024 n'chakuti galimoto imene inaposa onse sinali yonyezimira. Inali Bugatti Type 59 ya 1934, ya mkulu wina wa ku Switzerland dzina lake Fritz Burkard. Poyamba inali galimoto ya mpikisano wa liwiro, kenaka kampani inaikonza kuti iziyenda mumsewu, ndipo inakhalapo m'manja mwa Mfumu Leopold III ya ku Belgium. Kuchokera nthawi imeneyo palibe anaipakanso penti kapena kusintha mipando. Zikopa za mipando n'zong'aluka, penti ndi wokalikakalika, zipsera za miyala ya mumsewu zili pompo. Aka kanali koyamba m'mbiri ya Pebble Beach kuti galimoto yosakonzedwanso itenge chikho chachikulu.

Mnyamata wina pa galajapo anaseka nati akanaibweretsa kwa iye akanaiphoda ndi kuipopera penti masiku awiri, n'kuoneka yatsopano.

"Ndiye ukanaipha," anamuyankha mdala. "Penti ungagule ku sitolo mawa. Koma chipsera chimene mfumu inasiya ungachigule kuti?"

Mawu amenewa ndiwo mutu wa nkhani yonse. Galimoto ungaikonze kangapo, koma kukhala momwe inabadwira kumachitika kamodzi kokha.

Chaka cha 2023 chikho chinapita kwa Mercedes-Benz 540K ya 1937 imene mwini wake woyamba anali mfumu ya ku Afghanistan. Mu 2025 inapambana Hispano-Suiza ya 1924, galimoto imene thupi lake ndi timatabwa topyapyala tokhomedwa ndi timisomali tambirimbiri, ntchito yoti akalipentala a ku Ndirande angaivulire chipewa. Ndipo musaganize kuti wopambana amapita ndi thumba la ndalama. Amalandira chikho ndi kansalu kaulemu. Phindu lake lili poti dzina la galimotoyo lalowa m'mbiri, ndipo tsiku lodzaigulitsa mtengo umakhala wina.

Okushoni yosiyana ndi ya fodya

Sabata ya chionetserochi kumakhalanso malonda a okushoni m'tauni yoyandikana ya Monterey. Kagulitsidwe kake n'chimodzimodzi ndi ka fodya ku Limbe kapena ku Kanengo: wopereka zambiri ndiye watenga. Kusiyana kwake ndi manambala.

Mu Ogasiti 2018, ku Monterey komweko, Ferrari 250 GTO ya 1962 inagulidwa pa madola 48.4 miliyoni. Magalimoto a mtundu umenewu anapangidwa 36 okha. Mu Meyi 2022, ku Stuttgart m'dziko la Germany, kampani ya Mercedes-Benz inagulitsa galimoto yake ya 1955 yotchedwa 300 SLR Uhlenhaut Coupé pa mayuro 135 miliyoni. Imeneyo anapanga ziwiri zokha, ndipo inzakeyo kampani inasunga. Sindisintha ndalamazi kukhala makwacha poti mitengo ya kwacha mukuidziwa nokha mmene imasinthira. Tengani kakyuleta yanu, muchulukitse pa mtengo wa lero, muone ngati manambala akwane pa galasi.

Mwina mukuti anthuwa ndalama zawapengetsa. Koma inu amene mumatsegula mabelo a kaunjika mukudziwa bwino kuti majekete awiri angafanane nsalu ndi mtundu, koma ili ndi chizindikiro chenicheni pa kolala ija simuiponya pa mulu wa zotchipa. Mumaipachika pa hang'ala n'kudikira mwini ndalama. Magalimotowa nawo mtengo wake umachokera pa zinthu zinayi: kuchepa kwake, mbiri yake, mapepala ake, ndi kusasinthidwa kwake. Injini ikakhala yomweyo imene inachoka nayo ku fakitale, nambala yake n'kugwirizana ndi ya chesisi monga mabuku a kampani akunenera, mtengo umakwera. Ikakhala injini yobwereka, mtengo umagwa ngakhale thupi likhale lowala chotani. Ogula a kumeneko amadziwa za chikomekome cha mkuyu, ndipo amabwera ndi akatswiri odzafufuza nyerere.

Chuma chogona m'mashedi

Nkhani zimene zinandisowetsa tulo ndi za magalimoto otoledwa. Mu 2014, kumadzulo kwa France, anapeza magalimoto pafupifupi 60 akudyedwa ndi dzimbiri m'mashedi a malata pa munda wa banja la Baillon. Mwini wake, Roger Baillon, anali ndi kampani ya malole ndipo ankatola magalimoto akale pofuna kudzatsegula nyumba yoonetseramo, koma bizinesi inagwa, maloto n'kuthera pomwepo. Magalimotowo anakhala zaka makumi, udzu ndi ziyangoyango zitamera mpaka m'kati. Pakati pawo panali Ferrari 250 GT California Spider ya 1961 itakwiririka ndi milu ya magazini. Pa okushoni ku Paris mu February 2015, galimoto imodzi yokhayo inagulidwa pa mayuro oposa 16 miliyoni, fumbi lake lili pomwepo.

Ina ndi Bugatti ya 1925 imene inamira m'nyanja ya Maggiore, m'malire a Italy ndi Switzerland, m'zaka za m'ma 1930. Anaivuula mu 2009, mbali imodzi itadyeka yonse. Mu 2010 inagulidwa pa mayuro oposa 260,000, ndipo wogulayo sanaikonze. Anaiika poonetsera momwemo, ndi dzimbiri lake. Anyamata aja a sikelo akanaipeza pa gombe la Mangochi, bwenzi pano ili mbaula.

Si za azungu okha

Wina anganene kuti izi ndi zoseweretsa za mabwana a ku Ulaya. Koma konkuno ku Africa ziliko. Ku Nairobi, kalabu ya eni magalimoto a Alfa Romeo inayamba Concours d'Elegance yake mu 1971, ndipo kumapikisana magalimoto ndi njinga zamoto zomwe. Kumeneko sikuti umapeza za mafumu zokha ayi. Kumafika ma Volkswagen Beetle, ma Datsun, ma Land Rover, ma Peugeot, magalimoto amene makolo athu ankakwera matola.

Ndipo magalimoto amenewa ali ndi mbiri yawo yosachititsa manyazi. Peugeot 404 inayamba kupangidwa ku France mu 1960, ndipo maonekedwe ake anajambula ndi a Pininfarina, kampani ya ku Italy yomweyo imene inkajambula ma Ferrari. Inapambana mpikisano woopsa wa East African Safari Rally kanayi: mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, m'matope ndi m'fumbi momwe magalimoto ena ankathyoka miyendo. Ku France atasiya kuipanga, ku Kenya anapitiriza kuilumikiza mpaka 1991. Mng'ono wake, 504, anapambana Safari mu 1975. Datsun 1600 inapambana mu 1970. Beetle, kachikumbu kaja, inkapangidwa ku Uitenhage ku South Africa kuyambira 1951 mpaka 1979. Land Rover yoyamba inaonetsedwa ku Amsterdam mu 1948, ndipo kuno inakhala galimoto ya a DC, apolisi ndi ansembe a ku mishoni.

Ndinamuuza mdala za 404 ya agogo. Anavula magalasi.

"Injini inali yake yomwe?"

"Inali yake, madala. Agogo sankalola munthu kuisintha."

"Nanga bulubuku?"

"Linalipo."

Anangoti "Ha!" n'kutola sipanala yake. Sanandilankhulenso mpaka ndinatsanzika.

Tisanamizane

Tsono pano ndinene zoona, kuopa kuti mawa wina angakane kugulitsa chiphapha chowola akuyembekeza mzungu wa mamiliyoni. 404 ya agogo sikanagula nyumba ku Namiwawa ayi. A Peugeot anapanga ma 404 oposa 2 miliyoni, choncho si chinthu chosowa ngati Ferrari ija. Magalimoto akale ambiri ndi zitsulo basi, ndipo kukonza chiphakasa nthawi zambiri kumadya ndalama zoposa zimene ungadzapeze pochigulitsa. Ogula zitsulo nawo si mbava. Akugwira ntchito yawo, ndipo osula makasu ndi mbaula amadyetsa ana ndi zitsulo zomwezo.

Koma pakati pa mamiliyoni ndi matumba awiri a feteleza pali mtunda wautali, ndipo ife sitinafunse n'komwe. Ku Ulaya magalimoto ambiri a zaka zimenezo anadyedwa ndi dzimbiri chifukwa cha mchere umene amathira m'misewu nthawi yachisanu. N'chifukwa chake osunga magalimoto akale amafunafuna m'maiko ouma ngati South Africa. Ndiponso kuno chiwongolero chili kumanja, chimodzimodzi ku Britain. Ngakhale galimoto itafa ndithu, nyali zake, magalasi, mawotchi a pa dashibodi, zogwirira zitseko ndi zizindikiro zimafunidwa ndi amene akukonza inzake, poti fakitale inaleka kalekale kuzipanga. Pa sikelo zonsezi zimayezedwa pamodzi ndi misomali yopindika.

Bungwe loona za magalimoto akale pa dziko lonse, la FIVA, limati galimoto ya mbiri ndi imene yakwanitsa zaka 30. Ndiye kuti yopangidwa mu 1995 yalowa kale m'gulu. Eni minibasi musayambe kuvina msanga: bungwelo limatinso ikhale yosungidwa monga inalili, ndiponso isakhale yoyendera tsiku ndi tsiku. Ija chitseko chake amamanga ndi chingwe, kondakitala atachigwirira ndi phewa, siili m'gulumo.

Kwa inu amene muli ndi chiphakasa kuseri kwa nyumba, kapena mumagula ndi kugulitsa masipeya akale, malangizo anga ndi ochepa. Musataye bulubuku, malisiti, ngakhale zithunzi zakale zimene galimotoyo ikuonekamo, poti pepala ndilo limasandutsa chitsulo kukhala mbiri. Lembani nambala ya injini ndi ya chesisi, mufunse makaniko wachikulire kuti ndi mtundu wanji ndipo ndi wa chaka chiti. Ichotseni pansi pa mtengo, muiike pa njerwa, muifunditse kuti mvula isalowe. Musaipake penti wa nyumba ndi bulashi poganiza kuti mukuikongoletsa. Musagulitse zizindikiro ndi nyali padera musanadziwe mtengo wa galimoto yathunthu. Ndipo akabwera munthu wothamanga, wonena kuti akungokuthandizani kuchotsa zinyalala koma ndalama ali nazo kale m'manja, muuzeni abwere sabata ya mawa. Safunsa anadya phula.

Palinso china choposa ndalama. Mukapita ku nyumba yosungirako zinthu zakale ku Chichiri mupeza panja pali sitima ya nthunzi ndi makina ena akale, ana a sukulu akujambulitsa. Koma magalimoto amene ananyamula dziko lino pamsana, ma pikapu a matola, malole a Bedford onyamula fodya, ma Land Rover a ku mishoni, akutha mmodzimmodzi pa sikelo. Mwana wobadwa lero adzamva kuti agogo ake ankapita ku msika pa 404, koma sadzaiona ndi maso. A ku France ndi a ku Kenya adzamuonetsa pa foni, ngati mmene anandionetsera ine.

Mwezi watha ndinapita kumudzi. Nditalimba mtima ndinawafunsa amalume ngati pali chimene chinatsalako. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka analowa kuchipinda n'kutuluka ndi sutikesi yachitsulo ya agogo, ija anabwera nayo ku Joni. Pansi pa zovala panali bulubuku, litakulungidwa m'pepala la pulasitiki, dzina la agogo likuwerengeka bwinobwino. Pambali pake panali kamkango kachitsulo, chizindikiro cha Peugeot, kamene anazula kutsogolo anyamata aja asanayatse moto wawo.

"Aka kokha ndinakana," anatero amalume, osandiyang'ana. "Ankati andiwonjezera ndalama, ndinakana."

Ndinakagwira m'manja. Sikakwana ngakhale kota ya kilo.